Dengu la Apongozi

Lolemba

Tafika ku Kaporo dzulo, kwa makolo a mwamuna wanga Lusekelo. Akuti tabwera kudzathandiza kukolola mpunga. M'mawa uno amama, mayi ake a Luse, angoyang'ana mmene ndagwirira zenga n'kupukusa mutu. "Mkamwana, imwe khalani waka pakhomo, muziphika." Ndachotsedwa m'timu mpira usanayambe! Sindikudandaula. Kwathu ku Ntcheu timalima mbatatesi, mpunga timakumana nawo m'mbale.

Koma ntchito yanga yeniyeni yapezeka: laputopu ya apongozi aamuna.

Inachokera ku Joni, mlamu wanga ndiye anawatumizira. Ukaiyatsa ukhoza kupita kumjigo, kutunga madzi, kucheza, kubwerako, n'kuipeza ikuganizabe. Mavairasi ali thoo. Sisitimu yake ndi yakalekale, eni ake anasiya kuisamalira. Ndipo m'katimo muli nyimbo. Apongozi ndi mphunzitsi wopuma, akhala akupeka nyimbo za kwaya m'Chinkhonde kuyambira Luse asanabadwe. Makope amene ankalembamo anapita ndi madzi osefukira chaka china. Zimene anakumbukira anazitaipa m'laputopumu ndi chala chimodzi, zaka ndi zaka. Kwina kulikonse kulibe.

Lamulungu kukubwera a tcheyamani a kwaya kudzatenga nyimbozo. Mpingo ukufuna kusindikiza kabuku. Maso a apongozi ayamba ng'ala, akufuna kabukuko akagwire akadali kuona.

Ine ndimakonza makompyuta pa shopu ina ku boma. Pamudzi pano ndimadziwika ngati mkazi wosadziwa kupeta. Sabata ino aona! Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Linux yatsopano yangotuluka kumene. Yopepuka, yaulere, mavairasi a m'mafulashi saidziwa n'komwe. Ndamufotokozera Luse kuti ili ngati mbewu yamakolo: aliyense akhoza kuitenga, kuiona m'kati, kuikonza, kugawira mnzake, palibe wokufunsa lisiti. Iye: "Zaulere zimakhala ndi chifukwa." Watembenuka, wagona.

Vuto lilipo limodzi: mwambo. Kuno mkamwana salankhula ndi apongozi aamuna. Sawayang'ana kumaso, satchula dzina lawo, sakhala nawo pamalo amodzi. Akatulukira panjira ine ndimalowa m'nthochi. Chikwatiwire sindinawauzepo ngakhale zikomo. Ndimawadziwa msana ndi katsokomoledwe basi. Mawu onse amadutsa mwa amama kapena mwa Luse, ndipo awiriwa amakhala kumunda kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litapendeka.

Kasitomala wosalankhula. Ku shopu timachita kumupempherera wotereyu.

Dongosolo:
- Lero: kukopera zonse pa fulashi.
- Mawa: dawunilodi.
- Lachitatu: kutsimikiza kuti fayilo yafika yathunthu, kenako kuika.
- Lachinayi mpaka Lamulungu: kutamandidwa.

Laputopu yabwera ndi amama, yokulungidwa m'chitenje ngati khanda. Uthenga: "Akuti nyimbo zawo zisasowe." Yankho langa: sizingasowe.

Ndakopera zonse. Zikalata, zithunzi, ndi foda yolembedwa NYIMBO ndi zilembo zikuluzikulu. Ndatsegulamo ziwiri, zilimo. Zazifupi ndithu, koma Chinkhonde changa ndi cha pamsika, sindingaweruze. Dengu la zinyalala, kachithunzi kaja ka pakona ya sikirini, ladzaza mpaka pakamwa. Achikulire ndi kusataya zinthu! Sindinalikhudze. Lidzapita lokha pamodzi ndi sisitimu yakale.

Lachiwiri

Netiweki!

M'nyumba yathu ya kuseri mulibe. Ndazungulira bwalo lonse foni ili m'mwamba. Zotsatira:
- Kuseri kwa khola la ng'ombe: kamzere kamodzi, ndi ntchentche.
- Pachulu: timizere tiwiri, timabwera n'kupita.
- Kubafa: foni yadumpha malire. Uthenga wa Chiswahili wondilandira ku Tanzania. Ndatuluka m'dziko ndili ndi chitenje chosambira chokha!

Malo a netiweki yodzadza ndi amodzi: pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwa khonde. Ndipo pamenepo m'pamene apongozi amakhala tsiku lonse, pampando wa ndalema, ndi kamtengo kothamangitsira nkhuku pa mpunga woyanikidwa. Inde. Pamenepo.

Ndadikira. Masana alowa m'nyumba kukadya. Ndathamanga ngati wakuba, foni m'jumbo, jumbo panthambi, ndayatsa kuti igawire laputopu intaneti, ndathawa. Intanetiyo ikufika mpaka kuseri kwa khitchini, kupitirira apo ayi. Ndiye ofesi yanga ndi imeneyo: njerwa ziwiri, pakati pa nkhuni, laputopu pamiyendo, nyerere paliponse.

Dawunilodi ikuyenda ngati nkhono yodwala. Kamzere kobiriwira kakusuntha ukayang'ana kumbali, ukakayang'anitsitsa kamaima.

Apongozi abwerera pampando wawo. Akuimba. Nyimbo imodzi yomweyo, kuibwereza, kuibwerezanso, nthawi zina kuidula pakati kuti akalipire tambala. Ndikutolako pang'onopang'ono. Ikunena za mtsinje umene wasefukira, watenga mpunga, watenga mbuzi, watenga mphasa. Kumapeto kuli mawu akuti dothi limene madzi asiya ndi lomwe tidzadzalemo. Ndi yokoma. Sindingawauze.

Kenako foni yalira mumtengo.

Ndi amayi anga, ndikudziwa kaliridwe kake, kanyimbo kovinitsa kaja ndinawaikira ndekha. Sindingapite. Yalira mpaka kutha. Yayambanso. Amayi anga sakhulupirira kuti munthu akhoza kukhala wotanganidwa. Pa sikirini dawunilodi yaima chilili.

Apongozi asiya kuimba. Atsokomola. Auza nkhuku, m'Chichewa, mokweza ndithu: "Nkhuku inu, mtengo ukuitana."

Ndafuna nthaka itseguke. Nkhuku za kuno zimamva Chinkhonde, Chichewacho chinali changa.

Madzulo Luse watsitsa foni akuseka mpaka misozi. Dawunilodi ndaipitiriza pomwe inaimira, yatsala pang'ono. Nyerere zandiluma malo amene sindingalembe. Nyimbo ya mtsinje yandikakamira m'mutu, ndaimba potsuka mbale mpaka amama anditembenukira.

Lachitatu

Yatha! Foni mumtengo kachiwiri, ine pa njerwa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu fayilo yonse yalowa.

Tsopano kutsimikiza. Apa m'pamene pamasiyana katswiri ndi wongoyerekeza. Opanga Linux amalemba pa tsamba lawo mzere wautali wa zilembo ndi manambala, timati chekisamu. Kompyuta imapima fayilo imene yalandira n'kutulutsa mzere wakewake. Mizere iwiriyo ikafanana, katundu ndi weniweni, sanabooke panjira, palibe amene wasakanizamo zake. Ogula mpunga amabaya thumba pansi kuti aone ngati ndi kilombero yekhayekha. Ine ndimabaya fayilo.

Sizikufanana.

Osati kumapeto, osati pakati. Chilembo choyamba chomwe! Ndabwereza. Zomwezo. Fayilo inaonongeka panjira.

Oganiziridwa:
1. Amayi anga.
2. Tanzania.
3. Amayi anga.

Bandulo nayo yatha. Ndapita pa tredingi kukagula ina kwa Che Saidi, a ku Mangochi aja amagulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka matayala a njinga. Pobwerera, ndani akubwera panjira ndi ndodo? Ndalowa m'nthochi za eni ake. Ndaimamo mpaka adutse. Akuyenda pang'onopang'ono, akuimba ya mtsinje, aima kuti ayang'ane ng'ombe ya munthu. Ng'ombeyo aiyang'ana nthawi yaitali zedi.

Nyemba zapserera.

Madzulo amama: "Akufunsa ngati wodwala akupezako bwino." Ndayankha kuti mankhwala afika koma ndi oonongeka, tiitanitsa ena. Amama agwedeza mutu, ku chipatala zimachitikanso.

Luse: "Bwanji osangoika yomweyo? Ndani aone?"

Ndamuyang'ana. Ine? Kuika chinthu chosatsimikizika pa laputopu ya atate ake? Ndamulalikira mpaka chakudya chazizira. Ndamuuza kuti ine ndine munthu wosamala, sindidumpha sitepe, ndimafunsa ndisanachite.

Poti ndatchula kufunsa, ndamutuma. "Kawafunse ngati pali china chimene amasunga pamalo ena m'laputopumo, chimene ine sindingachione." Wapita. Wabwera akutafuna mzimbe, ali ndi nkhani yaitali ya mtengo wa ng'ombe ya panjira ija. Nanga funso langa? "Aaa, akuti zonse zili m'malo mwake."

Chabwino. Zonse zili m'malo mwake.

Dongosolo lasuntha pang'ono. Kutamandidwa kuyamba Lachisanu.

Lachinayi

Mtengo wa mango ndausiya. Ndaphika m'mamawa, ndavundikira, ndanyamula laputopu kupita pakhonde la Che Saidi. Netiweki pamenepo imaima nji, ndipo ali ndi sola. Amayi anga ndawatumizira uthenga kuti ndili m'mapemphero tsiku lonse. Mulungu andikhululukire, koma ndikupempheradi.

Anthu asonkhana. Mkazi ndi laputopu pakhonde, nkhani imeneyo.

Mayi wogulitsa mandasi: "Mukukopa filimu? Ya Chinaijeriya?"
Wa kabaza: "Iyo ingatsegule foni yoiwalika pasiwedi? Si yakuba, ndi ya mlamu."
Che Saidi, atamvetsera zonse mwaulemu: "Chaulere? Basi amene anachipangayo amadya chiyani, mama?"

Ndafotokoza kuti ndi anthu ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana, ena amalipidwa, ena amangothandiza, monga mmene anthu amathandizirana kumanga mlatho wa pamudzi. Che Saidi akuti mlatho wa pamudzi wawo unagwa.

Kamzere kobiriwira kayenda bwino lero. Sindinapume mokwanira mpaka kafika kumapeto.

Chekisamu. Ndawerenga chilembo ndi chilembo, chala pa foni, chala china pa sikirini, mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Wa kabaza akuvomereza kumbuyo kwanga chilembo chilichonse, "eya, eya," ngakhale sakudziwa chimene akuvomereza. Mpaka chomaliza.

ZAFANANA!

Ndaimba nthungululu pakhonde la eni ake. Mayi wa mandasi wandipatsa limodzi laulere, akuti sakumvetsa koma zikuoneka kuti mwana wabadwa.

Chotsatira: kulemba Linux pa fulashi kuti laputopu idzukire pamenepo. Ntchito imeneyi imafufuta chilichonse chimene chili pa fulashiyo. Ndipo fulashi yanga ndi imene ili ndi nyimbo za apongozi! Wina akanagwa pamenepa. Wina akanalira. Ine ayi. Ndaichotsa, ndaimanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri. Ndatenga fulashi ya Luse m'chikwama chake, ija ya nyimbo zovina za ku Tanzania zimene amatiboola nazo makutu. Ndidzamuuza nthawi yabwino ikapezeka.

Amama madzulo: "Akuti a tcheyamani atumiza uthenga, Lamulungu abwera akangoweruka ku tchalitchi." Ine: auzeni asadandaule. Mawa wodwala adzuka.

Ndikudzimva bwino. Ndikuganiza kale mmene ndidzayankhire modzichepetsa.

Lachisanu

Tsiku lalikulu. Onse apita kumunda, akumaliza kupuntha. Pakhomo tatsala awiri, ine ndi msana uja.

Fulashi ndalowetsa. Laputopu ikukana kudzukirapo, ikungothamangira ku sisitimu yake yakale ngati mbuzi yozolowera khola. Ndazimitsa, ndayatsa, ndadina batani ili, ndazimitsa, ndayatsa, ndadina lina. Mabatani a pamwamba onse alawa chala changa. Pomaliza yagonja.

Ndi yokongola! Ndaiyesa kaye isanaikidwe. Mawu akumveka, mabatani onse akugwira, zilembo zikhoza kukula mpaka munthu wa ng'ala aziona ali pakhomo.

Ndiye yandifunsa funso. Kodi ndiike pambali pa sisitimu yakale, kapena ndifufute zonse ndiyambe pabwalo losesa?

Pambali palibe malo, disiki ndi yaing'ono ndipo yadzaza. Komanso ndisiyirenji mavairasi chipinda? Fufuta zonse. Yafunsanso: mwatsimikiza? Zimene zili pano sizidzabwerera.

Chala chaima m'malere. Mwini wake ali pomwepa, kuseri kwa khoma, akuimba ya mtsinje. Kungotuluka n'kufunsa, "Atata, pali china?" Basi. Ndaganiza zofunsa nkhuku mokweza, monga anachitira iwo. Ndatsegula pakamwa. Ndatsekanso ndi manyazi. Iwo ndi eni mudzi, akhoza kulankhula ndi nkhuku zawo. Ine mkamwana wa dzulodzulo ndiyambe kufuula pabwalo? Kudikira amama ndiye mpaka madzulo, tsiku lina lapita. Ndiponso Luse anafunsa kale. Zonse zili m'malo mwake.

Ndagwira mfundo ya pa chitenje. Fulashi ilipo. Ndadina.

Kenako ikufuna dzina la mwini kompyuta. Dzina limene sindiloledwa kutchula! Kodi kutaipa ndi kutchula? Palibe womufunsa. Ndalemba kuti Apongozi. Ikayaka izidzati, "Takulandirani, Apongozi." Ulemu wake ndi umenewo.

Yatha msanga kuposa kuphika nyemba. Ndayatsa: phethi, yadzuka! Ndabwezeramo zikalata, zithunzi, foda ya NYIMBO pakatikati pa sikirini. Zilembo zazikulu. Ndapukuta ndi kansalu. Ndaikulunga m'chitenje changa chatsopano.

Madzulo amama ainyamula. Ine ndakhala pakhomo, ndakonza nkhope yodzichepetsa ija.

Achedwa.

Abwera. "Akuti ndagha, zikomo kwambiri, yachira, ikuthamanga ngati mnyamata." Ndayamba kumwetulira. "Koma akufunsa dengu lawo."

Dengu liti? Lilipo, pakona pomwepo, latsopano. "Akuti ilo mulibe kanthu."

Luse wapita kukamva. Wabwera osatafuna chilichonse. Wakhala pansi.

Nkhani ndi iyi. Nyimbo ikakhala yosatha, apongozi amaisiya mu foda ya NYIMBO. Kumeneko ndi kumunda. Ikatha, akaikonza mawu onse mpaka kukhutira, amadina batani limene limaitumiza m'dengu. Anadzitulukira okha batanilo, ndipo anakondwa nalo. Mpunga ukacha suusiya kumunda, umaututa n'kuika m'dengu. Mlamu anangotumiza laputopu pa basi, palibe anawauza kuti dengu limenelo ndi la kudzala. Ndipo silinawakhumudwitsepo. Chilichonse anaikamo ankachipeza.

Ine ndasunga mosamala, ndi mfundo ziwiri, nyimbo zosatha zokhazokha.

Safunsa anadya phula. Ndadya chisa chonse.

Loweruka

Palibe amene akhudze laputopu! Ndalamula ngati ndili ndi ufulu wolamula. Chofufutidwa sichichokeratu pa disiki nthawi yomweyo, chimatsala pansi mpaka china chitagona pamwamba pake. Vuto n'lakuti chimene chagona pamwamba ndi Linux yanga yokongola ija.

Ndadzutsa laputopu pa fulashi, ndatenga pulogalamu yofukula zofufutidwa, nayonso yaulere. Kwa Che Saidi kachiwiri. Lero sindinafotokozere aliyense za mlatho. Mayi wa mandasi wandiyang'ana kumaso n'kufunsa ngati mwana uja ali bwino.

Pulogalamu yafukula tsiku lonse. Yatulutsa mafayilo osawerengeka, opanda maina, manambala okhaokha. Kutsegula imodziimodzi.

Zimene zabwerera:
- Chithunzi cha ng'ombe.
- Ng'ombe yomweyo, chakumbali.
- Kalata yopempha kuti akonze msewu.
- Ng'ombe.
- Nyimbo! Yathunthu! Ndalumpha.
- Nyimbo ina, ndime yoyamba ilipo, kenako tizilembo tachilendo ngati nyerere zafera pa pepala.
- Theka la chithunzi cha ukwati wathu. Luse alipo. Ine ndadulidwa. Ndikuvomereza.

Pofika madzulo, zathunthu ndi zochepa, zokwana m'manja. Zoduka zilipo zingapo. Zambiri kulibe. Ya mtsinje ndaifunafuna paliponse, palibe ngakhale mzere.

Ndinabaya thumba lobwera chilembo ndi chilembo, pamaso pa mboni. Lotuluka sindinalisuzumire n'komwe.

Luse: "Ndinafunsa ndithu. Kapena sindinafunse bwinobwino. Tinayamba za ng'ombe." Kenako: "Mwaiona fulashi yanga?" Ndamuyang'ana. Wati adzaifuna tsiku lina.

Ndimayembekeza kuti amama akalipa. Bola akanakalipa. Andibweretsera mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, aika pambali panga. "Idyani, mkamwana. Madzi akatayika saoleka." Apita.

Chimene chikundipweteka si chimenecho. Pobwera kwa Che Saidi ndadutsa kuseri kwa khitchini, pa njerwa zanga zija. Apongozi ali pampando wawo. Nkhuku zikudya mpunga momasuka, kamtengo kali pansi. Sakuimba. Sabata yonse ndakhala ndikudandaula mumtima kuti nyimbo imodzi yomweyo, nyimbo imodzi yomweyo. Lero bwalo lili zii.

Madzi anawatengera makope. Ine ndawatengera zotsala. Ndakhala pa njerwa ndipo ndalira, mwakachetechete, chifukwa ngakhale kupepesa kuyenera kudikira amama.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni. Kwaya yaimba bwino, ndipo zandiwawa.

A tcheyamani abwera. Amwa tiyi. Atenga nyimbo zochepa zija pa fulashi. Ndawamva ndili kukhitchini akuuza aphunzitsi opuma aja: "Palibe kanthu, asambizgi, kabuku kadikira." Apita ndi njinga yawo. Kabuku kadikira. Maso sadikira, koma palibe amene wanena zimenezo.

Ndatuma amama ndi kupepesa kwanga, ndakukonza bwino, ndime zitatu. Abwera msanga. Sanabwere ndi yankho, abwera ndi chitenje ndi misomali iwiri.

Apachika chitenjecho pa windo la pabalaza. Akokera tebulo pansi pa windolo, m'kati. Aikapo laputopu. "Akuti khalani apa." Kunja, pakhonde, ndamva mpando wa ndalema ukukokedwa mpaka kugunda khoma. Kutsokomola kuja, pafupi kuposa kale lonse.

"Khoma iwe," atero m'Chichewa. "Akuti umataipa ndi zala zonse. Lemba."

Ndiye ndikulemba. Iwo akuimba mzere, akuima, ine ndikutaipa, Luse waima pakhomo kukonza Chinkhonde changa. Zina zikutuluka zathunthu, ngati anazipeka dzulo. Zina zikufika pakati n'kuima. Akuyesa, akubwerera poyambira, akuyesanso. "Khoma lisiye mpata pamenepo." Ndikusiya mpata. Mipata yachuluka. Uliwonse ndikuudziwa mwini wake.

Ndaimbira abwana ku shopu, andipatsa sabata ina monyinyirika. Luse abwerera ku boma yekha mawa, m'galimoto yopanda nyimbo.

Dongosolo latsopano:
- Lolemba: kutaipa.
- Lachiwiri: kutaipa.
- Masiku enawo: chimodzimodzi.
- Kutamandidwa: kwachotsedwa.

Dzuwa litapendeka ayamba ya mtsinje. Mtsinje wasefukira, watenga mpunga, watenga mbuzi, watenga mphasa. Afika pa ndime yomaliza. Aima. Abwerera. Aimanso pomwepo. Nyimbo imene aimba sabata yonse osaganiza, lero poti akuifuna yathawa. Luse sakuidziwa, amama ali kumjigo.

Ine ndikuidziwa. Ndinaiphunzira pa njerwa, nyerere zikundiluma.

"Khoma lisiye mpa…"

Sindinalankhule nawo. Mulungu ndi mboni, ndinayang'ana laputopu. Ndaiimbira laputopuyo, motsitsa: dothi limene madzi asiya ndi lomwe tidzadzalemo.

Luse watsegula pakamwa ngati nsomba. Ndayamba kuganiza za basi ya ku Ntcheu.

Kenako: "Chinkhonde cha khoma ili n'choipa kwabasi." Atsokomola. "Koma lalondola. Lemba."

Ndalemba. Aimba ndime yonse mpaka kumapeto, kawiri, kachiwiriko mokweza mpaka nkhuku zabalalika.

"Yatha imeneyo. Khoma liike m'dengu."

Luse wayamba kufotokoza, ndamugwira mkono. Ndapanga foda yatsopano, ndaitcha DENGU, ndaiika pakona pomwe panali lakale lija. La zinyalala ndalibisa kumene chala chawo sichidzafikako. Nyimbo ndaikamo, ndaikanso pa fulashi ya pa chitenje, mfundo ziwiri.

Kunja mpando walira, akhala bwino. Ayamba ina.